Mwera wawononga sound, ndipo producer akufuna AI ilankhule m'malo mwa mwini mawu

Chikondi (editing, Zingwangwa):
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru, mutu waima. Ndili ndi filimu pa tebulo yotalika ola limodzi ndi mphindi 40, ndipo premiere analengeza kale, kwatsala masabata atatu. Zithunzi zili bwinobwino. Vuto lili pa ma scene asanu amene anajambulira kunyanja ku Senga Bay mu July, mwera uli pachimake. Boom, mayiki ya pa ndodo yaitali ija, analibe chovala chake cha ubweya chotchinga mphepo, ndiye mphepo yadzaza track yonse. Lapel, mayiki yaing'ono yovala pachifuwa, anaibisa mkati mwa chitenje, moti mayi akangosuntha pang'ono nsalu ikukhula mayiki. Pa ma scene awiri mawu akumveka chapatali, pa atatu enawo sakumveka n'komwe. Ndipo ndi ma scene amene anyamula nkhani yonse, pamene mayi akuuza mwana wake za bambo ake enieni.

Njira yake tonse tikuidziwa, ndi ADR, kutanthauza kuti wosewera abwere ku studio adzalankhulenso ma line ake akuonera chithunzi. Koma mayi amene anasewera mbali imeneyi akana kubwera ku studio. Anagwirizana K1,200,000, analandira K500,000 yokha, ndipo papita miyezi inayi. Akuti ntchito sakukana, koma ayambe aona yotsalayo.

Dzulo producer wabwera ndi nzeru yake. Akuti m'filimumu muli mawu oyera a mayiwo okwana mphindi 35, ndiye ndiwadule, ndiwakweze pa webusayiti ina yotengera mawu a munthu, ndilembe ma line, kompyuta iwalankhule. Akuti palibe angadziwe. Sanathere pomwepo. Apeza sponsor, ndipo akufuna ndiwonjezere chiganizo choti mayiwo akutchula dzina la katundu wa sponsor pamene kamera ili kumsana kwawo. Chiganizo chimenecho mu script mulibe, ndipo mayiwo sanachinenepo.

Ndikufunsa ziwiri. Kodi sound imeneyi ingapulumuke popanda ADR? Nanga za AI ndiwayankhe bwanji, poti nanenso theka la ndalama zanga likadali m'manja mwa iwo omwewo?

aPhiri (sound):
Mphwanga, tisanafike kwa producer wakoyo, tiyambe ndi ma file. Sound inalowa mu kamera kapena munali recorder yapadera? Boom ndi lapel zili pa track imodzi kapena zosiyana? Scene iliyonse ili ndi ma take angati? Anajambulako ma line paokha atatha scene, kumalo kopanda mphepo? Unditumizire masekondi 20 a scene iliyonse, osakhudza kalikonse, WAV yake yeniyeni. Usatumize ngati voice note ya WhatsApp, imaphwanya sound.

Chikondi:
Zikomo madala. Recorder inali yapadera, WAV 48kHz 24-bit, boom ndi lapel pa ma track osiyana. Ma take alipo atatu kapena anayi pa scene. Ma line apaokha sanajambule, akuti dzuwa limalowa. Ndakutumizirani pa imelo.

Yamikani (post, Johannesburg):
Achimwene, ine ndinene zosiyana pang'ono. Chidacho pachokha si choipa ayi, ndipo kuno anthu akuchigwiritsa ntchito. James Earl Jones, mwini mawu a Darth Vader wa m'mafilimu a Star Wars, anavomereza yekha kuti kampani ya ku Ukraine yotchedwa Respeecher itenge mawu ake akale n'kupanga atsopano, ndipo anatero mu 2022 iye akadali moyo. Paul Walker atamwalira pa ngozi ya galimoto mu November 2013 filimu isanathe, anaimaliza pogwiritsa ntchito achimwene ake awiri, Caleb ndi Cody, nkhope n'kuikonza pa kompyuta. Filimuyo inatuluka mu 2015 ndipo inagulidwa kwambiri. Tisamangoopa chilichonse chatsopano. Ngati ndi ma line ochepa, mwina ndi njira yachidule.

Nabanda (zisudzo, Lilongwe):
Achimwene a ku Joni, zitsanzo zanu ziwirizo zikukutsutsani nokha. Mmodzi anavomera yekha. Winayo anamwalira, ndipo abale ake ndi amene anaima pamalo pake. Apa mayiwa ali moyo, foni yawo ikulira, ndipo anena poyera kuti ayi kufikira atalipidwa. Makinawo sakuwafunira kuthetsa vuto la mphepo. Akuwafunira kuthetsa vuto la munthu amene akufunsa ndalama zake.

Ine ndakhalapo pa set kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka usiku, chakudya chake bani ndi Sobo, kenako n'kuuzidwa kuti yotsalayo mudzalandira filimu ikagulidwa. Chimene wosewera amatsala nacho m'manja ndi chimodzi chokha: pamene akufunikanso. Tsiku la ADR, tsiku lojambulanso scene, tsiku la premiere. Mukachotsa pamenepo, palibenso chimene chingamukakamize producer kulipira. Lero ndi mayiwa, mawa ndife tonse. Azidzatiitana tsiku limodzi, kutijambula mawu ola limodzi, kutipatsa ya minibasi, n'kumapanga nawo mafilimu chaka chonse.

Ndipo musaganize kuti ndikukokomeza. Ku America bungwe la osewera la SAG-AFTRA, lomwe lili ndi mamembala pafupifupi 160,000, linachita sitalaka kuyambira pa 14 July mpaka pa 9 November 2023, masiku 118, ndipo nkhani ya AI inali pakati penipeni. Bungwelo linanena kuti makampani ankafuna kujambula thupi ndi nkhope za anthu ongodzaza scene aja, kuwalipira tsiku limodzi, chithunzicho n'kukhala chawo mpaka kalekale. Mgwirizano umene anasainirana pomaliza umati asanapange chifaniziro cha munthu pa kompyuta ayambe amupempha, anene chimene akufuna kuchita nacho, ndipo amulipire. Ngati anthu okhala ndi maloya ndi bungwe lamphamvu chonchija anavutika miyezi inayi kuti apeze zimenezi, nanga mayi wa kwathu kuno amuteteza ndani ngati ife a m'gulu lino tiyamba kudula mawu ake ndi manja athu?

Yamikani:
Achemwali, ndamva. Sindimati amubere. Ndimati ngati iwo atavomera, njira ilipo.

Nabanda:
Ngati atavomera ndiye kuti alipidwa, ndipo ngati alipidwa abwera okha ku studio. Makinawo ntchito yake yatha pomwepo.

Bambo Mbewe (producer):
Ndilankhuleko monga munthu amene amasaka ndalama za filimu, chifukwa ndikudziwa pamene mnzangayo waima. Holo walipira kale deposit, ma poster asindikizidwa, wailesi yalengeza tsiku. Ndalama imene ankayembekezera mwina sinabwere. Sikuti producer aliyense amene wachedwa kulipira ndi wakuba. Kuno filimu timapanga ndi ndalama za m'thumba ndi ngongole.

Koma pa nkhani iyi mnzangayo akudzikumbira yekha dzenje, ndipo mukamuuze choncho m'chinenero chimene ma producer timamva, cha ndalama. Premiere ndi usiku umodzi. Ndalama yeniyeni ya filimu, ngati ingabwere, imachokera ku TV, ku ma festival ndi kwa ogula akunja. Onsewo amafuna mapepala osonyeza kuti aliyense wooneka ndi womveka m'filimumo anavomereza. Mayiwa akangolemba kalata imodzi yoti mawu a m'ma scene akutiakuti si anga ndipo sindinavomereze, palibe wogula angaikhudze filimuyo. Ndiye kuti wapulumutsa K700,000 n'kutaya filimu yonse.

Chimene chandikhumudwitsa kwambiri ndi cha sponsor. Ndalama ya sponsor ilipo, koma m'malo moti ilipire mayiwo, akufuna mawu a mayi omwewo, osalipidwa, akagulitse katundu wa munthu wina. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Sponsor mwini wake akadzadziwa kuti dzina la katundu wake linaikidwa m'kamwa mwa munthu mwachinyengo, ndiye woyamba kuthawa, ndipo adzafuna ndalama yake ibwezedwe.

Nyakaunda (production manager, Mzuzu):
Chikondi, funso loyamba: mayiwa anasaina chiyani? Ngati pali pepala, liwerenge bwino. Ambiri mwa mapepala amene timagwiritsa ntchito kuno amangoti wosewera walola kuti zimene wajambulidwa zigwiritsidwe ntchito m'filimu yakutiyakuti. Zimene wajambulidwa. Mawu amene kompyuta ipange mawa sanajambulidwe, ndiye pepalalo silikuwakhudza.

Nkhani yotere si yachilendo, inayamba AI isanabwere. Crispin Glover anasewera bambo mu Back to the Future ya 1985. Pa gawo lachiwiri la 1989 sanagwirizane ndi opanga filimuyo, ndiye iwo anatenga wosewera wina, n'kumumata nkhope yopangidwa kuchokera pa chikombole cha nkhope ya Glover, kuti oonera aziganiza kuti ndi yemwe uja. Glover anawasumira, ndipo nkhaniyo inathera kunja kwa khoti atamulipira. Ndi chimodzimodzi ndi zimene akukuuzazi: sitinamvane pa ndalama, ndiye titenga chifaniziro chako popanda iwe.

Za zoti palibe angadziwe, taonani zimene zinachitika mu 2021 ndi Roadrunner, filimu ya moyo wa Anthony Bourdain, wophika wotchuka wa pa TV amene anamwalira mu 2018. Director wake Morgan Neville anagwiritsa ntchito AI kuti mawu a Bourdain awerenge ziganizo zochepa zimene mwini wake analemba koma sanazilankhulepo pa mayiki. Zonse pamodzi sizinakwane mphindi imodzi. Zitadziwika, mkazi amene Bourdain anasiyana naye ananena poyera kuti iye sanapereke chilolezo, ndipo anthu anasiya kukamba za filimuyo n'kumakamba za masekondi amenewo. Pamenepo mawuwo anali olemba mwini wake. Apa akufuna kuwalankhulitsa mayiwa zimene sanaganizepo n'komwe.

Kwathu kuno Copyright Act ya 2016 imateteza osewera ndi oimba pa ntchito yawo, osati olemba okha, ndipo mayiwa atha kukayambira ku COSOMA, bungwe loona za copyright, kukafunsa za ufulu wawo. Palinso Data Protection Act ya 2024, imene MACRA ikuyang'anira, yokhudza kagwiritsidwe ntchito ka zinthu zozindikiritsa munthu. Komanso kuyambira March 2024 YouTube imafuna kuti woika kanema anene ngati walankhulitsa munthu weniweni zimene sananene, ndipo mwini nkhope kapena mawu atha kupempha kuti kanemayo achotsedwe.

Tsono ichi chikukhudza iweyo mwini, mchimwene wanga. Mawebusayiti amenewa amakufunsa kuti uchonge kabokosi kotsimikiza kuti uli ndi chilolezo cha mwini mawu. Wochonga ndiwe, imelo ndi yako, kompyuta ndi yako. Zikadzavuta producer adzanena kuti ine za makina sindizidziwa, anachita ndi editor.

Chikondi:
Pepala lilipo, tsamba limodzi, ndipo likunena monga mwaneneramo achemwali, zimene wajambulidwa basi. Za kabokosizo zandiopsa.

aPhiri:
Ndamvetsera zonse zisanu ndi ma headphone. Nkhani si yoipa monga umaganizira.

Scene yoyamba ndi yachinayi zipulumuka. Pa ziwirizi mayiwa anali atakhala pansi pafupi ndi bwato, thupi silimasuntha kwambiri, ndiye lapel ili ndi mawu abwino pakati pa kukhula kwa nsalu. Boom uyisiye, usayese kuisakaniza. Yamba ndi high-pass, sefa yodula phokoso la pansi, pa 80 mpaka 100Hz, chifukwa kugunda kwa mphepo kumakhala pansi pamenepo ndipo mawu a mzimayi alibe kanthu kofunika kumeneko. Kenako tsegula pa spectral, pamene sound imaoneka ngati chithunzi, kaya uli ndi pulogalamu ya iZotope RX kaya ina, uone kukhula kwa nsaluko. Kumaoneka ngati mizere yoimirira. Kumene kwagwera pakati pa mawu ukufufute ndi dzanja, kumodzikumodzi. Kumene kwagwera pa liwu lenileni usalimbane nako, pita ku take ina ukatenge liwu lomwelo. Uli ndi ma take anayi, ndipo nsalu siikhula pamalo amodzimodzi kanayi konse. Ndi ntchito ya masiku awiri, yotopetsa, koma ndi mawu a mwini wake, a tsiku lomwelo, ndi mtima womwewo.

Voice Isolation ya mu DaVinci Resolve Studio, yopatula mawu a munthu ku phokoso, uyigwiritse pomaliza, ndipo usaikweze mpaka kumapeto. Ukaikweza kwambiri mawu amauma, mpweya wa munthu umachoka, ndipo mayi amene ali pamchenga amamveka ngati ali m'chipinda chotseka. Uyambire pansi, ukwere pang'onopang'ono, pamene wayamba kumva mawu akusintha ubwerere m'mbuyo. Phokoso la mafunde lotsalalo lisakuvute. Oonera akuona nyanja, khutu lawo likuyembekezera mafunde.

Chenjezo lina. Mawebusayiti aja ongoponyamo sound n'kutuluka yoyera, amene achinyamata mumawakonda, sachotsa phokoso lokha. Amamanganso mawu mwatsopano, ndipo pamene sakumva bwino amaganizira okha. Ndinamvapo ntchito ya mnyamata wina imene inadutsa mmenemo, mawu a Chichewa ena anatuluka opindika moti mayi wa kumudzi ankamveka ngati akuyesa Chingelezi. Ukagwiritsa ntchito, umvetsere liwu lililonse uli ndi script m'manja.

Scene yachiwiri, yachitatu ndi yachisanu zafa. Mphepo inagunda mayiki mpaka sound inaphwanyika, palibe chotsala choti n'kukonza. Zimenezo ndi ADR basi. Ndawerengera, ngati ma line ake ali monga ndamvera, ndi ntchito ya theka la tsiku mu studio. Ukamuuze producer kuti mkangano wonsewu ndi wa theka la tsiku.

Yamikani:
Kuti ndisamangolankhula, usiku ndayesa ndi mawu anga omwe. Ndinajambula mphindi zitatu ndikuwerenga Chichewa, n'kukweza, kenako n'kulemba ziganizo zingapo. Liwu lake ndi langa ndithu, mkazi wanga atamva kuchokera kukhitchini anaganiza kuti ndili pa foni. Koma Chichewa chake si cha munthu. Mawu sakukwera ndi kutsika pamalo pake, ng' akumutchula ngati ng wamba, ndipo funso likumveka chimodzimodzi ndi yankho. Kwa scene ya mayi amene akuulula chinsinsi cha zaka 20 akulira, sizingatheke. Aliyense mu holo adzamva kuti china chake chalakwika.

Koma chimene chandiganizitsa ndi china. Nditamaliza, liwu langalo latsala pa akaunti. Aliyense amene ali ndi password atha kulemba chilichonse, ine n'kuchinena. Pa chiganizo chachifupi, makamaka chodutsa pa foni kumene sound imakhala yoipa kale, kupindika kuja sikumveka. Mu October 2023 Tom Hanks anachenjeza anthu pa Instagram kuti kanema wotsatsa za chithandizo cha mano amene ankazungulira ndi nkhope yake sanali iye. Kumayambiriro kwa 2024 wogwira ntchito ku ofesi ya kampani ya Arup ku Hong Kong anatumiza ndalama zokwana pafupifupi madola 25 miliyoni atachita msonkhano wa pa vidiyo ndi anthu amene ankaoneka ndi kumveka ngati mabwana ake, koma onse anali opangidwa pa kompyuta. Ndachotsa liwu langalo m'mawa uno.

Mayi a Tadala (wailesi ndi ma advert):
Zimenezo musazione ngati za ku Hong Kong kokha. Mnzanga wina amene timawerenga naye ma advert anavomera yekha kuti studio ina itenge mawu ake, chifukwa kasitomala anasintha mtengo wa katundu iye ali kumudzi ku maliro, ndiye ankafuna kukonza chiganizo chimodzi. Anachita mokoma mtima. Akauntiyo inali ya studio yonse, anyamata onse a pamenepo ankadziwa password. Patapita miyezi, azakhali ake analandira voice note ya mawu ake, yoti ndili kuchipatala mwana wadwala mwakayakaya, tumizani ndalama pa nambala iyi foni yanga yaphwanyika. Azakhaliwo anatumiza K150,000 ya fetereza. Mpaka lero sizikudziwika kuti anachita ndani, ndipo mnzangayo abale ake akalandira uthenga wa mawu kuchokera kwa iye amayamba aimba kaye kuti atsimikize. Munthu amene ntchito yake ndi mawu.

Ndiye Chikondi, ngakhale producer wako atalumbira kuti ndi ma scene atatu okha, iye sangalonjeze m'malo mwa aliyense amene adzakhale pa kompyuta imeneyo chaka chamawa. Ndipo munthu amene lero wawonjezera kale chiganizo cha sponsor, ukuganiza kuti trailer ikadzafuna mawu ena, kapena advert ya pa wailesi yoitanira anthu ku premiere, adzaimbira foni mayiwa?

Chikondi:
Ndamva zonse, ndipo sindichita. Koma ndithandizeni kanenedwe kake. Ndikangoti sindifuna, atenga hard drive n'kupita kwa mnyamata wina amene avomere pa K50,000, ine ndalama zanga n'kupita.

Bambo Mbewe:
Usapite ndi ayi yekha, upite ndi njira. Umuuze zinthu mwa ndondomeko iyi. Ma scene awiri ndakonza, nawa mverani. Atatu otsalawo ndi theka la tsiku. Za kompyutazo tayesa ndipo Chichewa chake sichikutuluka, umuikire amve zimene Yamikani wapanga ngati anasungako. Kenako umufunse kuti sponsor wapereka zingati. Gawo la ndalama imeneyo lipite kwa mayiwa sabata ino, yotsalayo alembe pepala kuti idzachokera pa ndalama za pakhomo usiku wa premiere, asanachotsepo china chilichonse. Sponsor umupatse logo koyambirira kwa filimu, banner mu holo, ndi kutchulidwa ndi MC. Ambiri amafuna zimenezo basi. Ngati akufunitsitsa kuti katundu wake atchulidwe ndi mayiwa, imeneyo ndi advert, ili ndi mtengo wake, akambirane ndi mwini wake.

Ngati ukuona kuti sakumvera, undipatse nambala yake ku inbox. Ma producer timamverana tokhatokha.

Nyakaunda:
Ndipo zonsezi zikhale zolembedwa. Mukatha kukambirana pakamwa, umutumizire uthenga wobwereza zimene mwagwirizana, kuphatikizapo chiganizo choti iweyo sugwiritsa ntchito AI pa mawu a wosewera aliyense popanda chilolezo chake cholembedwa. Usunge uthengawo. Chilichonse chimene ukumutumizira kuti aone chikhale chaching'ono ndipo chikhale ndi watermark. Project file ndi master, filimu yomaliza yeniyeniyo, zituluke tsiku limene ndalama yako yalowa.

China, mayiwa ayenera kudziwa kuti nkhani imeneyi inakambidwapo. Osati kuti uwayambanitse ndi producer, koma ngati hard drive itapita kwa munthu wina, iwo akhale atadziwa choti n'kumvetsera.

Nabanda:
Pamenepo ndikugwirizana nanu achemwali. Ndipo anyamata a editing amene muli muno, ngati wina akubweretserani hard drive ya filimu ya kunyanja ndi pempho lotere, mwamva kale nkhani yake.

Yamikani:
Ndinasungako ziganizo ziwiri zisanachotsedwe, ndakutumizira Chikondi. Ndi mawu anga, ndikuloleza kuti umuikire producer yekhayo amve, kenako uzifufute.

Chikondi:
Akuluakulu, ndabwera ndi zotsatira. Tinakhala pansi dzulo madzulo. Poyamba zinavuta, anandiuza kuti editor ntchito yake ndi kudula osati kulalikira. Ndinawaikira kuti amve scene yoyamba imene ndinakonza monga aPhiri anandilangizira, kenako zija za achimwene a Yamikani. Pa zachiwirizo anangoti chete, n'kundiuza kuti ndibwerezenso. Bambo Mbewe anawaimbiranso usiku, sindikudziwa kuti anakambirana zotani koma m'mawa uno atumiza K400,000 kwa mayi aja, ndipo K300,000 yotsalayo asainirana kuti ichokera pakhomo. Chiganizo cha sponsor chachotsedwa, apatsidwa logo ndi banner. Mayiwa ndalankhula nawo ndekha, ndawafotokozera zonse, ndipo avomera kubwera Loweruka m'mawa. Apempha kuti papepala latsopanolo palembedwe za mawu awo. Achemwali a ku Mzuzu, mungatithandize kalembedwe kake?

Ndalama yanga ine sinalowe, ndiye master ikadali kwa ine.

Nyakaunda:
Lembani chonchi, m'Chichewa ndi m'Chingelezi momwe, onse awiri asaine ndipo aliyense atenge pepala lake:

"Mawu, nkhope ndi thupi la wosewera zimene zajambulidwa pa ntchito iyi zidzagwiritsidwa ntchito m'filimu iyi yokha ndi poitsatsa. Sizidzaperekedwa ku makina kapena pulogalamu iliyonse yopanga mawu kapena chifaniziro cha munthu, ndipo wosewera sadzalankhulitsidwa mawu amene sanawanene, pokhapokha atavomereza yekha molemba, atauzidwa mawu ake enieniwo ndi malipiro ake."

Amene mukufuna kuika chiganizochi m'mapepala anu, tengani. Pa filimu ya ndalama zambiri muonetse loya kaye.

aPhiri:
Tsono za Loweruka, mphwanga, kuti theka la tsikulo lisasanduke masiku awiri.

Usajambulire m'kabooth kakang'ono kotseka. Scene ndi ya panja, ndipo mawu a m'kabokosi sangagwirizane ndi mchenga ngakhale utathira reverb yotani. Peza chipinda chachikulu, upachike mabulangete kumakoma, kapena ngati kwanuko kuli phee m'mamawa, jambulira panja penipeni agalu ndi ma minibasi asanayambe. Ubwereke lapel yomwe ija anagwiritsa ntchito kunyanja, uyiike pachifuwa pamalo omwewo koma kunja kwa nsalu, kuti ma scene atatuwa adzafanane ndi awiri wakonza aja. Boom uyiikenso chapamwamba pa track ina, udzasankhe pambuyo.

Ma line uwaduliretu Lachisanu, chiganizo chimodzichimodzi, chilichonse ndi ma beep atatu kutsogolo kwake. Script uyisindikize ndi zilembo zikuluzikulu. Pamene m'chithunzi mayiwa aimirira, ajambule ataimirira, pamene akuyenda aziponda pamalo pomwepo, chifukwa mpweya wa munthu woyenda ndi wosiyana ndi wa munthu wokhala. Uwakumbutse kuti tsiku lija ankalankhula molimbana ndi mphepo, ndiye akweze mawu. Mu headphone mwawo uwaikire phokoso la mafunde pang'ono, adzakweza okha osauzidwa.

Scene yolira ija usayambe nayo ndipo usathere nayo, uyiike pakati mawu atatenthedwa koma asanatope. Uwaonetse scene yonse kaye kawiri osajambula. Ngati mnyamata amene anasewera mwana wawo ali pafupi, abwere adzawayankhe ma line ake, zimathandiza kwambiri kuposa kulankhula ndi khoma. Milomo ikapanda kugwirizana ndendende pa liwu limodzi kapena awiri usawabwerezetse kakhumi, udulire ku nkhope ya mwanayo pamenepo.

Musanatseke ujambule mphindi imodzi ya chipindacho chili chete, aliyense ali pamalo pake. Mafunde ndi mphepo yoyera ya kunyanja ndili nazo zimene ndinajambula ndekha ku Salima, ndikutumizira usiku uno. Loweruka ndifika cha m'ma 8 koloko ndi recorder yanga ngati yachiwiri, unditumizire malo ake.